Ntchito ya Makaseti ku Mitundu ndi ku Nathenje, ndi Kumene Luso la Maginito Lalowera

Kwa zaka pafupifupi 20, kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1980 mpaka pamene mafoni a m'manja anafala, nyimbo zambiri zimene zinkamveka m'misika ya Mitundu ndi Nathenje, kummwera kwa boma la Lilongwe, zinkasungidwa pa kalamba kopyapyala ka pulasitiki kopakidwa fumbi la chitsulo. Kalambako ndi tepi ya kaseti. Tepiyi inadyetsa anthu ambiri: ogulitsa makaseti pa benchi, ojambula nyimbo kuchoka pa kaseti ina kupita pa inzake, okonza mawailesi, otchaja mabatire a galimoto, ndiponso eni madisiko amene ankaitanidwa ku zinkhoswe ndi ku maukwati. Ntchito zonsezi zinatsamira pa mphamvu ya maginito, ndipo mavuto ake ambiri ankachokera pamalo amodzi: kuti mawu amveke, tepiyo inkayenera kuyenda. Vuto lomweli ndi limene asayansi akulimbana nalo lero pamene akuyesa kuyendetsa maginito okha ndi magetsi, chosungiracho chili chikhalire.

Maziko a lusoli ndi akale. Mu 1820 Hans Christian Ørsted wa ku Denmark anaona kuti magetsi akamadutsa mu waya, singano ya kampasi imene ili pafupi imapotoloka. Mu 1831 Michael Faraday wa ku England anaonetsa mbali inayo, kuti maginito akamasuntha pafupi ndi waya wokulungidwa, m'wayamo mumabadwa magetsi. Mfundo ziwirizi ndizo kujambula ndi kumvetsera. Valdemar Poulsen, nayenso wa ku Denmark, anazilumikiza mu 1898 pojambula mawu pa waya wachitsulo. Mu 1928 Fritz Pfleumer ku Germany anapaka fumbi la chitsulo pa pepala lalitali, ndipo mu 1935 kampani ya AEG inaonetsa ku Berlin makina otchedwa Magnetophon, oyendera tepi yopangidwa ndi mafakitale a BASF. Fumbilo ndi lamtundu wa dzimbiri, nchifukwa chake tepi imaoneka yofiirira. Kambewu kalikonse ka fumbili ndi kamaginito kakang'ono. Pojambula, hedi ya makinawo imalandira magetsi okwera ndi kutsika motsata mawu, nkumaloza timaginitoto uku ndi uko pamene tepi ikudutsa. Pomvetsera, timaginito todutsa tija timadzutsa magetsi ofooka mu hedi, makina nkuwakuza mpaka afike ku sipika.

Ku Nyasaland tepi inafika koyamba m'manja mwa alendo ndi a boma. Hugh Tracey, amene anakhazikitsa International Library of African Music ku South Africa mu 1954, anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo za Achewa, Atonga, Atumbuka ndi mitundu ina pa matepi akuluakulu a mawilo awiri. Wailesi ya MBC itayamba mu 1964, matepi amtundu womwewo ndi amene anasunga zoimba za anthu monga Daniel Kachamba, Allan Namoko ndi Robert Fumulani. Koma makina amenewo anali a m'situdiyo. Mlimi wa ku Mitundu ankamva nyimbozo pokhapokha muulutsi akazisankha, ndipo m'dziko la wailesi imodzi, lokhala ndi lamulo la 1968 lopatsa boma mphamvu yoletsa zofalitsidwa, zosankhazo zinali ndi malire.

Kaseti ndi imene inatulutsa tepi m'situdiyo. Inakonzedwa ndi gulu la Lou Ottens pa fakitale ya Philips ku Hasselt, m'dziko la Belgium, ndipo inaonetsedwa ku Berlin mu 1963. Tepi yake ndi ya mamilimita 3.81 m'lifupi, ndipo imayenda masentimita 4.76 pa sekondi, kotero kaseti ya C90 imakhala ndi tepi yotalika mamita pafupifupi 130. Philips inalola makampani ena kupanga makaseti ndi makina ake popanda kulipira, ndipo chifukwa cha ichi kaseti ya ku Japan inkalira bwinobwino mu wailesi yogulidwa ku Johannesburg.

Mitundu ndi Nathenje anali malo oti malonda oterewa amere. Nathenje ili pa msewu wa M1 wopita ku Dedza ndi ku Blantyre, kumene katundu wochoka m'masitolo a ku Limbe amadutsa tsiku ndi tsiku. Mitundu ili pa msewu wodutsa ku Bunda kulowera cha ku Dzalanyama, ndipo msika wake umasonkhanitsa alimi a chimanga, mtedza ndi fodya ochokera m'midzi yambiri, pamodzi ndi ophunzira ndi antchito a pa koleji ya zaulimi ya Bunda. Mawailesi ena ankabwera m'masutukesi a amuna obwerera ku migodi ya ku Joni ndi m'mafamu a ku Zimbabwe. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, masitolo anayandikira. Koma chimene chinasintha zinthu kwambiri ndi fodya. Kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, amene kale anali wa maesiteti okha. Ndalama zochoka ku okushoni ya ku Kanengo zinkafika m'midzi nthawi imodzi pa chaka, ndipo pakati pa zinthu zoyamba kugulidwa, pambali pa njinga ndi malata, panali wailesi ya kaseti.

Magetsi a ESCOM m'midzi munalibe. Kumvera MBC kunkadya mabatire pang'ono, koma kuliza kaseti kunkawamaliza msanga, chifukwa mota yokoka tepi ndi imene inkafuna mphamvu zambiri. Mabatire akayamba kufooka, woimba ankamveka ngati akukoka mawu, nyimbo nkumatsika pang'onopang'ono. Anthu anapeza njira zawo. Pobweza tepi kumbuyo ankalowetsa bolopeni m'chibowo cha kaseti nkumaizunguza m'mwamba kuti asawononge mabatire. Mabatire otha ankawaika padzuwa kapena kuwaphatikiza ambiri pa kathabwa. Amene anali ndi ndalama ankagula batire ya galimoto, nkumaikweza pa njinga kupita nayo pa tauni kukatchajitsa kwa munthu amene anali ndi magetsi.

Wokonza mawailesi wa pa khonde la sitolo ankadziwa matenda a makinawa mwadongosolo. Lamba wa mphira wolumikiza mota ndi gudumu ankatamuka kapena kuduka, ndipo posowa watsopano ankadula wina ku chubu cha njinga. Kagudumu kamphira kopanikiza tepi kakauma kapena kakada, tepi inkakulungika mkati, eni ake nkumati wailesi yadya tepi. Tepi yoduka ankailumikiza ndi kachidutswa ka selotepi, pamalo polumikizapo nyimbo nkumadumpha mawu awiri kapena atatu mpaka kalekale. Fumbi la m'chilimwe ndi fumbi lochoka pa tepi yomwe linkamata pa hedi, mawu nkumamveka mogonthera, ndipo mankhwala ake anali thonje loviika mu sipiriti. Panali kasukulufu kakang'ono pambali pa hedi komwe katswiri ankakapotoza pang'ono, khutu lili tcheru, mpaka mawu ayere. Luso limeneli linali lenileni, ndipo ambiri analiphunzira poyang'anira anzawo, osati m'kalasi. Ankadziwanso kuti kaseti yosiyidwa pamwamba pa sipika yaikulu kapena padzuwa imawonongeka: maginito a sipika amasokoneza timaginito ta pa tepi, pamene kutentha kumapinda pulasitiki.

Wojambula ankafunika wailesi ya makaseti awiri, mulu wa makaseti opanda kanthu a TDK, Sony kapena ena otchipa, ndi khutu lodziwa zimene anthu akufuna. Wogula ankatchula nyimbo, iye nkuzisanja mbali A ndi mbali B, nkulemba maina pa kakhadi ndi bolopeni. Kaseti yakale inkafufutika nkujambulidwanso: ngati timano ta pamwamba pake tinathyoledwa kuti isafufutike, ankatseka mabowowo ndi pepala. Chilema cha ntchitoyi chinali chakuti kope lililonse linkatuluka lofooka kuposa limene lachokerako, ndipo kope la kope la kope linkadzaza ndi phokoso la "sss". Komabe kudzera m'manja amenewa ndi m'mene anthu a kummwera kwa Lilongwe anamvera kwasakwasa wa Kanda Bongo Man, rege wa Lucky Dube, nyimbo za Don Williams, ndi sungura wa ku Zimbabwe wa Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso, oimba a magazi a ku Malawi amene ankaimbanso m'Chichewa.

Nyengo yaikulu ya kaseti inagwirizana ndi kusintha kwa ndale: kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 March 1992, riferendamu ya pa 14 June 1993, ndi chisankho cha pa 17 May 1994. Ku Balaka, Paul Banda wa Alleluya Band anatsegula situdiyo imene inatulutsa oimba ambiri, ndipo nyimbo za mng'ono wake Lucius Banda, zonena za umphawi ndi ulamuliro, zinafika m'midzi pa kaseti. Pambuyo pake panabwera Mlaka Maliro, Billy Kaunda, Evison Matafale, Joseph Nkasa ndi makwaya ambirimbiri a mipingo. Sitolo ya O.G. Issa ndi imene inatchuka pochulukitsa ndi kugawa makaseti a oimba a m'dziko muno, mavenda nkumakapikula kukagulitsa m'misika. Apa panabuka mkangano woona. Ojambula a m'misika ankafikitsa nyimbo kumene wogawa sakanafika, koma kope lililonse limene ankagulitsa silinkapatsa woimba ngakhale tambala. Bungwe la COSOMA, lokhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la 1989 loteteza eni luso, linayambitsa tizizindikiro tomata pa makaseti ovomerezeka. Lamulo latsopano linadza mu 2016, koma pofika nthawi imeneyo kaseti inali itatha kale.

Kaseti inaphedwa ndi CD poyamba, kenako foni. Benchi ya makaseti inasanduka kachipinda kokhala ndi kompyuta ndi masipika, kumene achinyamata amabena nyimbo ndi mafilimu mu memori khadi kapena mu fulashi. Zosungira zimenezi si za maginito. Zimatsekera magetsi ochepa m'timabokosi ta silicon, luso limene Fujio Masuoka anayambitsa ku Toshiba m'zaka za m'ma 1980. Koma maginito sanachoke pa ntchitoyi. Nyimbo zimene wobena amasankhamo nthawi zambiri zimakhala pa hard disk ya kompyuta yake, ndipo zambiri za pa YouTube ndi Facebook zimasungidwa pa ma hard disk osawerengeka m'nyumba zosungira deta za kunja.

Hard disk yoyamba inatuluka ku IBM mu 1956: mbale 50, iliyonse mainchesi 24 m'lifupi, zosunga zilembo pafupifupi 5 miliyoni. Mu 1988 Albert Fert ku France ndi Peter Grünberg ku Germany, aliyense payekha, anapeza kuti ngati timapepala ta chitsulo topyapyala kwambiri tasanjikizidwa, magetsi amadutsamo mosavuta kapena movutikira malinga ndi kumene maginito ake aloza. Zimenezi zinabala mahedi omva timaginito tochepetsetsa, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2007. Komabe hard disk ikadali ndi chilema cha kaseti: mbale imazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, hedi imayendayenda pamwamba pake, ndipo ikagwa pansi zonse zikhoza kutayika.

Maganizo oti chosungira chikhale phee, zolembedwazo nkumabwera zokha kwa hedi, anayamba kale. Andrew Bobeck wa ku Bell Labs anayesa cha m'ma 1967 ndi timadontho ta maginito toyendetsedwa m'kati mwa mwala wopyapyala. Intel inagulitsako zipangizo zotere kuyambira mu 1979, koma zinali zochedwa ndi zodula, ndipo zinagonja. Mu 1996 John Slonczewski ndi Luc Berger anaonetsa mwa masamu kuti magetsi enieniwo akhoza kutembenuza maginito popanda waya wokulungidwa. Chifukwa chake nchakuti elekitironi iliyonse, pambali ponyamula magetsi, nayonso ndi kamaginito, khalidwe limene asayansi amalitcha spin. Potsamira pa izi, Stuart Parkin wa ku IBM anafalitsa mu 2008 ndondomeko ya racetrack memory: kanjira kachitsulo kopyapyala, kosasuntha, kamene malire a zigawo za maginito amakankhidwa m'kati mwake ndi magetsi. Vuto linali lakuti malirewo amakodwa pa chilema chilichonse cha kanjirako, ndipo amafuna magetsi ochuluka zedi.

Apa ndi pamene skyrmion inalowera. Dzinali ndi la Tony Skyrme wa ku Britain, amene cha m'ma 1961 ndi 1962 analemba masamu ofotokoza tinthu ta m'kati mwa atomu. Mu 1989 Alexei Bogdanov ndi Dmitry Yablonskii ananeneratu kuti mpangidwe wofanana ukhoza kupezeka m'maginito, ndipo mu 2009 gulu la Christian Pfleiderer ku Munich linaupeza mu manganese silicide yoziziritsidwa kufika madigiri pafupifupi 244 pansi pa ziro. Chaka chotsatira Xiuzhen Yu ndi anzake a m'gulu la Yoshinori Tokura ku Japan anajambula zithunzi zake. Mpangidwe wake ndi wotere. Maginito a atomu iliyonse amajambulidwa ngati kamuvi. Pa pepala lopyapyala la chitsulo, timivi tonse taloza kumwamba, koma pa kadontho kena kozungulira, ka pakati penipeni kaloza pansi, ndipo tozungulira kameneka timapendekeka pang'onopang'ono, tonse mopotokera mbali imodzi, mpaka tigwirizane ndi takunja. Kukula kwake kumayambira pa mananomita ochepa mpaka mazana angapo, pamene nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a milimita. Chimene chimapotoza timiviti ndi mphamvu imene Igor Dzyaloshinskii ndi Toru Moriya anafotokoza mu 1958 ndi 1960. Mphamvuyi imabadwa mwachitsanzo pamene cobalt wagona pa chitsulo cholemera monga pulatinamu, ndipo imakakamiza timivi toyandikana kuti tisaloze mofanana ndendende. Kupotokaku sikumasuka mwa kungowongola timivi pang'onopang'ono, nchifukwa chake skyrmion imakhalitsa ndipo ikhoza kuimira 1, malo opanda skyrmion nkuimira 0.

Kuyenda kwake kuli ngati kwa kamvuluvulu wodutsa m'munda wa chimanga: mapesi sachoka pa mapando awo, limangowerama ili, nkudzuka, linzake nkuwerama, koma chozunguliracho chimaoloka munda wonse. Maatomu sasuntha. Timivi timangotembenuka motsatizana. Magetsi amayambitsa kutembenukaku m'njira ziwiri. Yoyamba ndi pamene adutsa m'chitsulo cha maginito chenichenicho. Maelekitironi amakakamizika kupotoza spin yawo kuti itsate timivi ta skyrmion, ndipo popotokapo nawo amakankha timiviti, skyrmion nkusendera kumene maelekitironi akupita. Mu 2010 gulu la ku Munich lija linaona maskyrmion akuyamba kusuntha ndi magetsi okwana pafupifupi ampeya imodzi pa sikweya milimita, ochepa kuposa amene waya wa m'nyumba amatha kunyamula, ndiponso ochepa maulendo pafupifupi 100,000 poyerekeza ndi amene malire a zigawo aja amafuna. Njira yachiwiri ndi imene imagwira kwambiri pa zitsulo zopyapyala zosanjikiza. Magetsi amadutsa mu pulatinamu kapena tantalum wa pansi, chitsulo cholemeracho nkulekanitsa maelekitironi: a spin yamtundu wina amakwera kumtunda, enawo amatsikira kunsi. Okwerawo amafika pa cobalt nkupotoza timivi take. Mu 2015 Wanjun Jiang ndi anzake ku Argonne National Laboratory, ku America, anapanga ndi kuyendetsa maskyrmion pa kutentha wamba kwa m'chipinda, ndipo mu 2016 Seonghoon Woo ndi gulu la Geoffrey Beach ku MIT anawathamangitsa kupitirira mamita 100 pa sekondi.

Chovuta chachikulu nchakuti skyrmion siyenda molunjika. Chifukwa cha kupotoka kwake, ikakankhidwa kutsogolo imakhotera cham'mbali. Masamu a A. A. Thiele a mu 1973 ankalosera kale kukhota kotere, ndipo mu 2017 magulu awiri, la Jiang ndi la Kai Litzius ndi Mathias Kläui ku Mainz, anafalitsa miyezo yake. Anapeza kuti kukhotako kumakula liwiro likamakwera, ndipo ku Mainz kunapitirira madigiri 30. M'kanjira kopapatiza, m'mphepete mumakankhira skyrmion kubwerera pakati, koma magetsi akachuluka imagunda m'mphepetemo nkuzimirira, ndipo chimene inasunga chimatayika. Palinso zilema za chitsulocho. Pepala la maatomu ochepa m'kuchindikala silikhala losalala paliponse, motero magetsi akachepa skyrmion imakodwa, kenako nkudumpha, nkukodwanso. Kuti ithamange mosadukiza pa zitsulo zosanjikizazi pamafunika maampeya pafupifupi 100,000 pa sikweya milimita, operekedwa mwa kanthawi kochepetsetsa kuti kanjirako kasapse. Ubwino wa magetsi ochepa umene unaoneka m'zozizira za ku Munich sunafike wonse pa kutentha wamba.

Njira yothetsera kukhota imene yaonetsa zipatso ndi kusanjikiza mapepala awiri a maginito, pakati nkuikapo ruthenium wopyapyala amene amachititsa kuti timivi ta pamwamba tiloze mosemphana ndi ta pansi. Maskyrmion awiri, wapamwamba ndi wapansi, amagwirana nkumayenda limodzi. Wina akamakokera kumanja, mnzake amakokera kumanzere, ndipo onse amapita molunjika. Mu 2024 gulu la Olivier Boulle pa labotale ya Spintec ku Grenoble, ku France, linalengeza liwiro lofika mamita 900 pa sekondi ndi njira imeneyi.

Zitsulo zimene kafukufukuyu amadalira nzochokera kwambiri kuno kummwera ndi pakati pa Africa. South Africa imakumba pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a pulatinamu wa dziko lonse lapansi, makamaka m'dera la Bushveld cha ku Rustenburg, ndipo ruthenium amatuluka m'miyala yomweyo. Zimbabwe ili ndi pulatinamu wake ku Great Dyke. Cobalt wambiri amachoka ku Democratic Republic of Congo, wina ku Zambia. Tantalum amapezeka m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, ndiponso ku Kanyika m'boma la Mzimba, kumene ali pamodzi ndi niobium. Nzomvetsa chisoni kuti kuyeza ndi kusanjikiza zitsulozi kukuchitikira pafupifupi konse ku Ulaya, ku America ndi ku Asia.

Padakali pano palibe chosungira cha maskyrmion chimene chili pa msika. Chimene chikugulitsidwa ndi MRAM, imene inayamba kugulitsidwa mu 2006, yosunga 1 ndi 0 m'timaginito tosachoka pamalo koma totembenuzidwa ndi magetsi. Kuti maskyrmion afike pamenepo pakufunika kuti akhale ochepera mananomita makumi ochepa koma osafufutika ndi kutentha, kuti azibadwa amodziamodzi pamalo ndi nthawi yofunika, kuti mpata wa pakati pawo usasinthe akamayenda, ndiponso kuti chowerengera chizitha kuwamva momveka bwino, zomwe zimavuta kwambiri pa mapepala awiri osemphana aja popeza maginito awo amafafanizana. Magulu ena ayamba kuwayesa pa ntchito ina, yowerengera masamu ndi kuzindikira zizindikiro, kumene kuyenda kwawo kosalongosoka kumagwiritsidwa ntchito mwadala.